Masiku Makumi Atatu

Namafomu anakhala pampando wachitatu kuchokera kukhomo, nsapato zobwereka kwa mkulu wake zikumuluma zala. Aka kanali kachisanu ndi chiwiri chaka chino kuitanidwa ku intavyu, ndipo mantha anali atamuthera kalekale. Chotsala kunali kutopa basi. Kampani ya inshuwalansi inkafuna kalaliki mmodzi wolandira anthu odzapempha chipukuta misozi. Olimbirana mpandowo analipo khumi ndi anayi, ambiri a iwo ana a dzulodzuloli.

Kunyumba kwa mkulu wake, kumene ankakhala, alamu ake anali atanena kale, ndi ulemu wawo wobaya uja, kuti chipinda chimene ankagonamo chikufunika mwezi wamawa. "Sikuti tikukuthamangitsani, mlamu, koma mukuona nokha ana akula." Ntchito iyi ikamuphonya, analibe kwina kolowera.

Dzina lakelo anamupatsa ndi anthu a mumsewu wawo. Kwa zaka zisanu ndi zitatu, aliyense amene fomu yamuzunguza mutu ankagogoda pazenera lake: amayi amasiye, ovulala kuntchito, eni timashopu topsa ndi moto. Iye ankadziwa kabokosi kamene kamagwetsa anthu, ndi kalata imene imatsegula chitseko. Malipiro ake anali zikomo, mwina ndi sopo pamwamba.

Atamuitana, anapeza anthu awiri kuseri kwa tebulo lalitali: mayi wa magalasi ndi bwana wadazi. Mafunso oyamba anayenda bwino, moti mpaka mayiyo anagwedeza mutu kawiri.

"Tsopano tiyerekeze," anatero mayi wa magalasi. "Bambo awa ndi kasitomala. Galimoto yawo inachita ngozi, koma abwera kudzatiuza patatha masiku makumi anayi. Lamulo lathu ndi masiku makumi atatu. Alandireni."

Yankho ankalidziwa. Anali atalibwerezabwereza sabata yonse akuchapa: pepani bambo, nthawi inadutsa, palibe chimene tingachite. Mawuwo anali kunsonga kwa lilime.

Koma bwana wadazi uja, kaya anaphonya ntchito ya zisudzo, anachita kunyanya. Anagwetsa mapewa, nayamba kufikisa manja ngati munthu wozizidwa.

"Mayi, ndithandizeni," anatero ndi mawu onjenjemera. "Ndinali m'chipatala ine. Mwendowu."

Nkhope yoteroyo Namafomu anali ataiona kambirimbiri, ndipo thupi lake linangochita zimene linazolowera. Anakokera mpando pafupi, anawerama, natsitsa mawu.

"Munagonekedwa nthawi yaitali bwanji?"

"Eee... milungu itatu."

"Ndiye musadandaule. Bwererani kuchipatala akupatseni kalata yodinda, yoonetsa tsiku lolowa ndi lotuluka. Muimate pamwamba pa fomu, osati pansi, chifukwa anthu a muno sawerenga mpaka kumapeto. Akakubwezani, funsani dzina la wokubwezaniyo, mulilembe iye akuona. Zimenezo amaziopa."

Mayi wina wa epuloni, amene anali atalowa ndi tiyi, anaima chilili thireyi ili m'manja. Bwana wadazi anawongola mapewa ake pang'onopang'ono, mwendo wake utachira.

"Anthu a muno," anabwereza mayi wa magalasi, akutseka fayilo. "Zikomo pobwera. Tikuimbirani."

Foni yamtundu umenewo Namafomu ankaidziwa bwino. Siilira.

Anatsika masitepe atagwira chitsulo cham'mbali, manyazi akumuotcha m'makutu. Sanadziwe woti amukwiyire: bwana wazisudzoyo, kapena pakamwa pakepo. Ankaganiza za mmene akalowere pageti kunyumba, ndi mmene mkulu wake adzamuyang'anire osafunsa kanthu.

"Achemwali, taimani kaye."

Anali mayi wa tiyi uja, akutsika mofulumira uku akucheuka. Anapisa m'thumba la epuloni natulutsa pepala lopindapinda, lofewa chifukwa chogwiridwagwiridwa. Pamwamba pake panali chizindikiro cha kampani yomweyo.

"Ndi fomu ya bambo a kunyumba. Anagwa panjinga yamoto. Mabwana a muno andibwezera kawiri, ine ndikuwathirira tiyi tsiku ndi tsiku. Palibe wandiuzapo cholakwika."

Namafomu anafuna kunena kuti watopa, kuti ngati pali wofunika kuthandizidwa lero ndi iyeyo. Anayang'ana pepalalo, ndipo diso lake linagwera lokha pakabokosi kachisanu ndi chimodzi, kamene kanali kopanda kanthu.

Anapumira m'mwamba, nakhala pansi pasitepe pomwepo ndi siketi yake ya intavyu.

"Khalani apa, mayi," anatero akufufuza cholembera m'chikwama. "Ngoziyo inachitika liti?"