Nthambi Yotchinga Dzuwa

Chiimikireni masola oyendetsa pampu ya madzi pamwamba pa mbande zawo, a Malalanje ankayenda m'munda ngati munthu wolota. Dzinali anawapatsa ndi ogula zipatso, lenileni linaiwalika kalekale. M'mamawa mame ankatsetsereka pagalasi n'kumadontha pamzere umodzi, mbande n'kumamwa osapempha. Dzuwa likakwera, mthunzi unkakwawa pakati pa mizere, iwo n'kumaulondola ndi kampando kawo.

Koma kumalire a kum'mawa kunali mtengo wakale wa mandimu, ndipo nthambi yake imodzi inkatchinga sola yoyamba.

"Bambo, nthambi iyi ichoke," anatero mkamwini wawo, yemwe anali wamagetsi. "Sola imodzi ikaphimbika, mzere wonse umachita ulesi. Pampu ikungotsokomola, mbande zifa ndi ludzu."

"Masola anuwo ali ndi kaduka. Dzuwa lonseli, akulimbirana ndi nthambi imodzi?"

A Malalanje anaseka, koma mumtima munkawawa. Pamtengo wonsewo, nthambi yokhayo ndiyo inkabala malalanje. Anaimezanitsa ndi malemu akazi awo, n'kumanga ndi kansalu kong'amba ku mpango wawo. Kansaluko kanali katamira m'khungwa, kakungosuzumira. Masana a Malalanje akawodzera pansi pake, ankamva mayiwo akuwakalipira kuti agwire bwino.

Anapempha masiku atatu. Anafukula kampeni ka mayi m'bokosi, n'kudula timphukira khumi ndi tiwiri panthambi ija. Zaka zonsezo ntchito yawo inali kugwirira nsalu basi, kucheka kunali kwa mayi, moti chala chinalawa mpeni kawiri. Anamezanitsa pa mbande za mandimu zapansi pa masola, pamzere wa mame paja. Tsiku lachinayi anapereka okha sowo kwa mkamwini, n'kutembenukira kwina.

Pampu inasiya kutsokomola. Timphukira tija tinayamba kuda, lero kamodzi, mawa tiwiri, mpaka panatsala kamodzi kokha kumapeto kwa mzere. A Malalanje anasiya kulondola mthunzi. Anakhazika kampando pomwepo, ali ndi mantha, poti kakanauma kameneka sakanatsala ndi chilichonse chimene manja a akazi awo anakhudza.

Sabata yachitatu, m'mawa wina, mkamwini anabwera ndi chidebe chotsukira magalasi, akuimba mluzu. Anawapeza atagwada m'dothi lonyowa, nkhope ili pafupi ndi katsamba kobiriwira kochepa ngati chikhadabo cha khanda.

"Bambo, mwagwa kodi?"

A Malalanje anakweza chala chomangidwa chija.

"Pondani pang'onopang'ono," ananong'ona. "Mayi anu akudzuka."