Puloteni wa m'maso mwa Nuhu

Nuhu anali wopaka penti wochokera ku Mangochi, ndipo ankakhala ku Delft, dera la mumzinda wa Cape Town, ndi mkazi wake Binti ndi mwana wawo Laila. Chiyambire ubwana, akachoka padzuwa n'kulowa m'nyumba, maso ake ankachedwa kuona. Kwawo ankangomuseka. Ku Cape Town vutoli linakula.

Tsiku lina masana, kapitawo anamutuma kukatenga makwerero m'galaja ya pansi pa nyumba imene ankapenta ku Fish Hoek. Atangolowa, mdima bii! Anapunthwa pa chitini n'kugwa, penti n'kuthimbiritsa galimoto ya eni nyumba. Kapitawo anamuuza kuti asabwerenso.

Binti anamva kusaluni komwe ankaluka tsitsi kuti maso otere amafuna vitamini A. Anayamba kuphika chiwindi ndi kaloti, n'kugulanso mapilitsi. Nuhu ankadya osadandaula mpaka fungo la chiwindi linayamba kumupatsa nseru. Palibe chinasintha.

Kuchipatala cha maso anapitako kambirimbiri, kulawirira takisi, kuima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi. Anamutenga magazi, anamujambula m'maso, anamukhazika m'chipinda chamdima. Pomaliza dokotala wina wamkazi, wooneka wotopa ngati iwo omwe, anawaitana onse awiri.

"Vitamini A m'magazi mwanu ndi wokwanira, bambo," anatero dokotalayo. "Koma m'maselo a diso mumakhala puloteni amene amagwira vitaminiyo n'kumupereka pofunikira, kuti diso lizolowere mdima. Wanuyo munabadwa naye wolakwika. Vitamini amafika, womunyamula ndiye wofooka."

"Ndiye tionjezere mapilitsi?" anafunsa Binti.

"Ayi, mayi, musiye. Akachuluka amavulaza thupi. Mankhwala a vutoli akuwafufuzabe. Vutoli limayenda kumtundu, ndiye mudzabwere ndi mwana wanu, timuonenso."

Anakwera takisi yobwerera, n'kudutsa bwalo la ndege. Binti anatsamiritsa mutu pawindo.

"Bambo a Laila, ndiye tipanga chiyani?"

"Sindikudziwa," anayankha Nuhu. "Ndikufuna ndikangogona kaye."

Patapita masabata, Luqman, mnzake wa kumzikiti, anamupezera ganyu yopenta mipanda ndi makoma akunja ku Milnerton. Ntchito ya padzuwa yokhayokha, mphepo ikuwaza mchenga pa penti yosauma. Nyengo yozizira itafika, mitambo ikuda msanga, Nuhu ankaweruka anzake akugwirabe kuti akafike kunyumba kukadali koyera. Masiku a mvula sankapita n'komwe.

Loweruka lina Laila anachokera kosewera, n'kulowa m'nyumba akuthamanga mpaka kuchipinda osagunda kanthu. Binti anamutsatira ndi maso.

"Uyu akuona bwinobwino," anatero.

"Adokotala anati tipite naye," Nuhu anakumbutsa.

Binti anavula nsapato, n'kuyamba kusisita mapazi otupa ndi kuima kwa kusaluni. Anaganiza za mzere wa kuchipatala, ndi tsiku lathunthu losaluka munthu.

"Tidzapita naye Idi ikadutsa," anatero.

Nuhu anangogwedeza mutu.