Antonio Woyang'ana Kukhoma

Kwathu ku Mufakose, Antonio Woyera adatha zaka atayang'ana kukhoma ngati mwana wolakwa kusukulu. Ndi kachifanizo kadothi, kothyoka chala chimodzi, kamene malemu bambo athu a Domingo adabwera nako kuchokera ku Angonia. Ankati ndiye nkhoswe ya banja lathu, katswiri wopeza zotayika, koma waulesi. Chinthu chikasowa umamutembenuzira kukhoma, asaonenso nkhope ya munthu mpaka atachibweza. Makiyi, chitupa, ngakhale nkhuku, zonse ankabweza ndithu.

Mchimwene wanga Virgílio ndiye adamukanika. Adakwera basi ya ku Joni, adaimba foni miyezi yoyambirira, kenaka zii. Amayi adatembenuza Antonio, nakokera mpando wawo pawindo loyang'ana kugeti. Tsiku lomwelo mlamu wanga Fadzai, mkazi wa Virgílio, adagwada misozi ili chuchuchu, nalumbira kuti sadzachoka pakhomopo kufikira Antonio atatembenuka. Kamwa ili, abale, limamanga munthu kuposa chingwe.

Zaka zidapita. Fadzai ankagulitsa tomato pokwerera makombi, kuphikira amayi, kuwasisita miyendo. Ine zinkandipweteka, ndisaname. Mtsikana wabwinobwino kufota chifukwa cha mwamuna wosatumiza ngakhale moni! Kenaka kudabwera Lawson, makaniko wa ku Dzivarasekwa, munthu wofatsa wa zikhadabo zakuda ndi oyilo. Adatuma akwawo kwa makolo a Fadzai kukafunsira ukwati, iwo adavomera. Wotsala adali Antonio.

M'mawa wa tsiku la chikondwerero cha Antonio Woyera tinkakonza m'nyumba, poti akhristu a mphakati wathu ankabwera kudzapemphera. Fadzai sankakhazikika. Wasesa, wasesanso pomwe wasesa kale, watuluka, walowa, foni ikungonjenjemera m'thumba la epuloni. Lawson adali atamuuza kuti abale ake atopa kudikira, akufuna yankho lero.

"Mlamu," ndidanong'ona, "ndingomugunda Antonioyu ndi tsache ngati mwangozi. Akatembenuka watembenuka."

"Aiwa, tete," adatero, momwe amandiitanira m'Chishona chake. "Ndidalumbira pamaso pa amai. Mukufuna ndilowe m'banja latsopano ndi bodza?"

"Ndiye ukalambire pano, uzisisita miyendo!"

Ndidakweza mawu osadziwa. Amayi adali pakhomo la kuchipinda, atatsamira ndodo yawo, ndipo adamva zonse. Ndidafuna nthaka ing'ambike ndilowemo.

Sadandikalipire. Adadutsa pakati pathu pang'onopang'ono mpaka pashelefu, natsitsa Antonio. Msana wake udali utasuluka ndi dzuwa, koma nkhope idali yowala ngati ya tsiku lomwe adagulidwa. Adaipukuta ndi nsonga ya chitenje kwa nthawi yaitali. Kenaka adamubwezera pamalo pake, atayang'ana ife.

Fadzai adagwira pakamwa. "Amai, mwamva chiyani? Apezeka?"

"Sanapezeke, muroora, mpongozi wanga. Sapezekanso." Amayi adatembenukira kwa iye. "Ine ndimati ndikulanga uyu waulesiyu. Koma uyu ndi dothi, khoma silimupweteka. Amene wakhala akuyang'ana khoma zaka zonsezi ndiwe."

Fadzai adagwada, nawagwira mapazi, akulira ngati pamaliro. Amayi adamusisita pamutu.

"Dzuka, kamuyankhe makaniko wakoyo foni isanang'ambe thumba. Umuuze akasambe m'manja asanabwere kudzandiona."

Fadzai adatuluka akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ine ndidatsala chiimire, tsache lili m'manja. Ndidali nditafuna tsiku limeneli kwa zaka, koma mtima udandiwawa, chifukwa ndidadziwa chimene amayi adataya potembenuza kachifanizoko. Kunja kudayamba kumveka nyimbo za amayi a mphakati akukhota pakona.

"Annet," amayi adandiitana osandiyang'ana, "alendo afika. Chotsa mpando wanga pawindopo, uuike kuno kuli anthu."