Tayala Lobiriwira Pakamwa pa Ngalande

Kwa zaka khumi ndi zinayi a Fosholo ankatapa zinyalala m'ngalande ya mumsewu wawo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawaomberapo m'manja. Dzinalo analipata pa ntchito yomweyo. Atapuma ntchito yokonza mipope sanathe kungokhala, choncho mitambo ikangoyamba kuda ankatenga fosholo ndi wilibala n'kutsikira pokhota msewu, pamene madzi onse ochokera kumtunda amalowera pansi kudzera pa chitsulo cha mipatamipata. Anthu ankangodutsa atagwira mphuno. Ena ankaponya makoko a nthochi m'wilibalamo ngati ndi bini. Amene ankawakumbukira anali Mayi Telala okha, mayi wamasiye wa m'nyumba yomalizira kumunsi, amene ankawabweretsera tiyi m'kapu yachitsulo n'kuima pambali mpaka atamwa yense.

Kenako m'nyumba ya geti yabuluu munalowa Aphunzitsi, mayi wachitsikana wa pakamwa pokoma ndi foni yosachoka m'manja. Mwezi usanathe anali atadziwa mayina a ana onse. Miyezi itatu isanathe, mulu wa zinyalala umene unkanunkha chakumtunda kwa msewu kuyambira kalekale unali utachoka, ndipo pamalopo panali makatungwe awiri ndi mabenchi. Loweruka lililonse m'mawa anthu ankatuluka ndi matsache atavala masikipa obiriwira. Ngakhale Wometa, munthu amene moyo wake wonse tsitsi la makasitomala ankalisesera pamsewu, tsopano ankayenda ndi reki paphewa n'kumadzudzula ana otaya mapepala.

Tinene zoona, ntchitoyo inali yabwino, ndipo n'chimene chinkawapweteka a Fosholo. Ikanakhala yoipa bwenzi akudya n'kukhuta. Aphunzitsi anabwerapo kawiri kudzawaitana, mwaulemu wake, koma iwo anati msana ukuwawa. Chaka chimenecho fosholo sanaigwire n'komwe. Odziwawo achite, anatero mumtima, ndipo mchenga ndi masamba zinakwirira chitsulo cha ngalande chija mpaka osaonekanso.

"Bambo a ana, tiyeni lero," anatero akazi awo Loweruka lina akukokera sikipa yobiriwira pamwamba pa diresi. "Tikupenta matayala, tibzalemo maluwa."

"Ine ndipite kukaphunzira kusesa kwa mwana wadzulodzuloyu? Pamene ndinkavuula makoswe akufa m'ngalandemo iyeyo anali akuyamwa chala."

"Nanga anakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye ndi nsanje basi. Munthu ndevu mbuu, koma nsanje ngati mwana wolandidwa bere."

Anatuluka akuseka, ndipo kusekako kunapitirira mpaka kumakatungwe. A Fosholo anakumva bwinobwino ali kuseri kwa katani. Zaka zambiri zinali zitapita akazi awo asanaseke choncho m'nyumbamo. Tsiku lomwelo kunabwera mtolankhani wa wailesi, ndipo Wometa, amene sakana cholankhulira, ananena mokweza kuti aliyense amve: "Amayiwa asanabwere, msewu uno unalibe mwini. Panalibe ndi mmodzi yemwe wosamala!" Mawuwo anawalasa a Fosholo pamtima penipeni. Anakhala pansi, anaimirira, anakhalanso.

Masana anthu atabalalika anatuluka ngati akukagula machesi. Matayala opentedwa anali atandandalika m'mbali mwa msewu, ofiira, achikasu, oyera. Lalikulu kuposa onse, tayala la thirakitala lobiriwira, lodzaza dothi ndi maluwa, linali pokhota paja. A Fosholo anaima. Anayang'ana mtengo wa magetsi, anawerenga mapazi atatu kuchokera pamenepo, n'kukanda mchenga ndi nsapato. Sanalakwitse. Tayalalo linali litakhala ndendende pakamwa pa ngalande.

"Abambo, mwaliona bwanji?" Anali Aphunzitsi, penti ili m'zigongono, akumwetulira. "Pamenepa panali pachabechabe, mchenga wokhawokha. Takongoletsa, eti?"

Mawu anafika pakhosi. Akanangoti, mwana wanga, chotsani ichi, pansipa pali njira ya madzi. Koma m'makutu munali mukulirabe mawu a Wometa, ndipo m'maso mwawo ankaona kale maluwa akuyandama, masikipa obiriwira ali matope okhaokha, msewu wonse utasonkhana pakhomo pawo kudzapepesa. Safunsa anadya phula, anatero mumtima.

"Lakongola kwambiri," anayankha.

Pobwerera anapeza akazi awo ataima pageti. "Mwaimatu nthawi yaitali pa tayala lija," anatero.

"Ndimaona maluwa."

"Inuyo? Maluwa?"

Mvula inagwa Lachiwiri cha m'ma thuu koloko masana, yamphamvu, yosamvana mawu pansi pa malata. A Fosholo anakokera mpando pawindo ngati munthu wodikira mpira kuti uyambe. Madzi anatsika msewu wonse, ofiira, atanyamula mabotolo ndi timitengo. Anafika pa tayala, anasowa polowera, n'kulizungulira mbali zonse ziwiri. Maluwa a Aphunzitsi anangoima pamwamba pa dothi lawo akugwedezeka, osakhudzidwa. Makatungwe anali kumtunda, madzi analibe nawo ntchito.

Apa m'pamene mtima wa a Fosholo unagunda kamodzi mwamphamvu. Madzi saiwala khwawa. Ngalande ikatsekeka, madzi a msewu umenewo ali ndi njira imodzi yokha, ndipo njirayo imathera pakhomo pa nyumba yomalizira kumunsi. Zimenezi ankazidziwa kuposa munthu wina aliyense. N'chifukwa chake poyamba paja anayamba kutapa zinyalalazo, chaka chimene amuna a Mayi Telala anamwalira. Masiku atatu onsewo akudikira mvula, ankaganiza za maluwa, za Wometa, za manyazi a Aphunzitsi. Za nyumba imeneyo sanaganizepo ngakhale kamodzi.

Anatuluka opanda nsapato, fosholo m'manja, akukuwa. "Tulukani! Amuna nonse tulukani! Tayalali lichoke!"

Anatuluka Wometa ndi wogulitsa makala wina, komanso amuna ena awiri. Tayala lodzaza dothi lonyowa si chinthu chamasewera. A Fosholo anayamba kukolopola dothi ndi maluwa omwe n'kumaponya kumbali, madzi akuwamenya m'maondo, mpaka tayalalo linapepuka ndipo analigubuduza. Anagwada m'madzimo n'kumapalasa mchenga ndi manja mpaka zala zinakhudza chitsulo. Madzi anazungulira, anakoka mpweya ngati munthu womwa mwaphuma, n'kuyamba kulowa pansi.

Koma anali atachedwa. M'nyumba ya Mayi Telala madzi anali atafika pampando wa sofa n'kubwerera, kusiya mzere wa matope pakhoma. Mayunifolomu a ana asukulu amene anasoka mwezi wathunthu anali mulu umodzi wofiira pansi. Makina osokera amagetsi, amene amuna awo anawasiyira, anali atagwa pamodzi ndi kathebulo kake, ndipo atawadzutsa m'kati mwake munatuluka madzi amatope. Mayiwo sanalire. Ankangopukuta makinawo ndi mpango wa kumutu.

Mvula itakata, msewu wonse unasonkhana pakhomopo ndi zidebe ndi zokolopera. Aphunzitsi ndi amene ankalira.

"Kulakwa n'kwanga," anatero pamaso pa onse. "Ndinaika chinthu pamalo osafunsa eni msewu. Amayi, mundikhululukire." Anapukuta m'maso n'kutembenukira kwa a Fosholo, amene anali ataima kumbuyo atanyowa thupi lonse. "Koma pakanapanda abambo awa, denga lokha ndi limene likanatsala. Ndangomva lero kuti akhala akusamala ngalandeyi okha zaka khumi ndi zinayi. Zaka khumi ndi zinayi, anthuni! Tiwaombere m'manja."

Anaomba. Wometa ndiye ankaomba kuposa onse, akuti iye ankanena kalekale kuti mdalayu ndi chuma. Wina anathamanga kukatenga sikipa yobiriwira n'kuwakoleka paphewa. Manja amene anawadikira zaka zonsezo anali amenewa, ambiri, okweza, ndipo a Fosholo ankalakalaka nthaka itang'ambika. Anakweza maso pang'ono n'kuona akazi awo ataima pafupi ndi mpanda. Anali atagwira chidebe ndi manja onse awiri, akuwayang'ana osaphethira, ndipo sanachiike pansi kuti aombe nawo.

Anthu atabwerera ku zokolopa, Mayi Telala anatuluka m'nyumba yoyandikana nayo, kumene anakapempha moto. M'manja anali ndi kapu yachitsulo ija, nthunzi ikutuluka.

"Imwani, achimwene, mungadwale," anatero. "Chaka chino sindinakuoneni pangalande, ndiye ndinati msana uja wakula. Ndimafuna kubwera kudzakuonani, koma mayunifolomuwa anandimanga." Anawapatsa kapuyo m'manja. "Musadandaule za makina. Ine ndikudziwa kuti mukanaliona msanga tayalalo, mukanatiuza."

A Fosholo analandira kapuyo. Inali yotentha, koma sanathe kuifikitsa pakamwa. Mayi Telala anaima pambali, monga mwa masiku onse, kudikira kuti amwe.