Kabokosi ka Mayi Mabatire

"Botolo limenelo lisiyeni, achimwene, lingakuwotcheni," anatero mwana wamkazi wa malemu ataona mlongo wake akutsegula thumba la zinyalala.

Maliro anali atatha, achibale atabalalika. Awiriwa anali m'garaja momwe mayi awo ankagwirira ntchito chipumireni ku yunivesite. Mlongoyo ankafuna kusandutsa malowo chipinda kuti asamukire pakhomopo ndi banja lake, bambo asamakhale okha. Koma paliponse panali mabotolo a asidi ndi a madzi amchere, tizitsulo tomizidwa m'menemo ndi mawaya olendewera. Moyo wawo wonse mayi ankafufuza mmene batire lingasungire mphamvu ya dzuwa osafooka msanga, mpaka anthu anangowatcha Mayi Mabatire.

Mwana wamkaziyo ankaopa kuti za nyumba ziwakanganitsa ndi mlongo wake. Koma mkangano unabwera ndi alendo.

Woyamba kufika anali pulofesa, mayi wamagalasi amene analowa m'malo mwa malemu. Pambuyo pake panafika mwini fakitale ya mabatire, bambo wasuti ndi kamimba kake. Onsewa anaphunzitsidwa ndi malemu. Anapepesa maliro mwaulemu, anamwa tiyi, kenako maso awo anagwera pa kabokosi kadzimbiri komwe kanali pashelefu. Kanali koyezera magetsi otuluka m'batire, ndipo malemu anakapanga ndi manja awo adakali mtsikana, yunivesite isanagule makina.

Pulofesa anati kabokosiko kayenera kukaikidwa m'galasi pakhomo la labotale. Mwini fakitale anati fakitale yake yonse inabadwira m'kabokosi kameneko, choncho akakayalira nsalu yofiira muofesi mwake. Pulofesa anamukumbutsa kuti iye ndiye anali wophunzira woyamba wa malemu. Winayo anayankha kuti kubadwa koyamba si kukondedwa. Mawu anayamba kukwera.

"Ife ana enieni tili phee," mlongoyo ananong'oneza mchemwali wake, "ana opeza ndiwo akulimbirana chuma cha masiye."

Mwana wamkaziyo anatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. Chimwalirireni mayi ake kuchipatala anali asanasekepo.

Bambo, amuna a malemu, omwe anakhala pampando pafupi ndi chitseko, anafunsa kuti mwa awiriwo ndani azikayatsa kabokosiko. Alendo anayang'anana. Pulofesa anati chinthu chakale chotere ana asukulu angachiwononge.

"Angachiwononge?" anatero bambo. "Inu apulofesa munasemphanitsa mawaya mpaka kanafuka utsi. Inu abwana munakathira asidi. Malemu ankabwera nako kuno n'kukakonzera patebulo lodyera, uku akuseka okha. Ankati wophunzira amene sanawotchepo kanthu sanayambe sukulu."

Mwini fakitale anaseka mpaka kutsokomola. Pulofesa anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Bambo anagamula kuti kabokosi kapite ku labotale, koma pabenchi la ophunzira a chaka choyamba, osati m'galasi. Kakapsa, a fakitale ndiwo azikakonza. Palibe anatsutsa.

Mlongoyo anapezerapo mwayi wofunsa ngati mabotolo aja angatayidwe tsopano. Alendo onse anakana pamodzi, ati galasi labwino silitayidwa, ndipo silingachoke pamalo lili lakuda. Mwini fakitale anavula jekete n'kupinda malaya. Pulofesa anakhuthulira madzi aja m'chigubu. Anaima pasinki ya m'garaja, wina kutsuka wina kutsukuluza, akukanganabe za amene ankakhoza bwino mayeso.

Mwana wamkaziyo anabwera ndi nsalu yopukutira, koma anaima pakhomo. Botolo lililonse likatsukidwa, aliyense wa awiriwo ankalikweza kuwindo, n'kutsinzina diso limodzi, n'kulitembenuza pang'onopang'ono asanaliike pansi. Ndi mmene mayi ake ankachitira ndi kapu iliyonse ya m'nyumbamo asanamuthirire munthu tiyi.

Anaika nsaluyo paphewa, natola botolo lakuda.