Lumbiro la Ramita

Ramita ankasankha timiyala mu mpunga, kamodzikamodzi, mseru utamufika pakhosi. Anayesa kumeza malovu. Zinakanika, ndipo anathamangira kukhonde ndi beseni.

Asanapukute kukamwa, apongozi ake, a Dhanmaya, anali atafika kale atavala magalasi. Anawerama ndi kuyang'anitsitsa m'beseni muja, akutakasa ndi kamtengo.

"Lero mulibe," anatero. "Koma mulungu Bhairav sathamanga. Choipa chitsata mwini."

Ankafunafuna magazi. Mwana wawo Sujan atangobwera kuchokera ku ntchito ku Qatar, Ramita anaima, ndipo a Dhanmaya anati mimbayo yafulumira. Anati mkazi wosiyidwa yekha zaka ziwiri ndi mbuzi, ikalawa mchere sigwirika. Mapeto ake anamutengera pakati pa mzinda wa Kathmandu, ku fano lamwala la Kal Bhairav, mlonda wakuda wa maso otong'oka, wovala mkanda wa zibade za anthu. Aliyense amadziwa kuti wonama pamaso pake amasanza magazi n'kufa. Ramita anagwira phazi lamwala lija, anthu ogulitsa maluwa akuonerera, nalumbira kuti mwanayo ndi wa Sujan. Pobwerera anapepukidwa mtima, poganiza kuti nkhani yatha.

Koma mpamene inayambira. Akatsokomola, nyumba yonse inkakhala chete. Mbale yake anaipatula, kuti mkwiyo wa mulungu ungadzagwere ena. Ndipo m'mawa uliwonse panali beseni.

Sujan anali pamasitepe, akumanga zingwe za nsapato zomangamanga kale. Amayi ake anamuuza kuti asadandaule, kwawo kwa azakhali ake wina anafa patapita chaka chathunthu chilumbirire.

"Ingopirira," Sujan anauza mkazi wake, osamuyang'ana. "Ngati sunalakwe, ukuopanji? Amayi atopa okha."

Ramita anali munthu wosayankha. Chikwatiwire, mawu ake m'nyumbamo anali "chabwino" basi. Anatsuka beseni pampopi, nalivundikira kuti liume. Kenako anafunsa apongozi ake kuti adzasiya liti kuyang'ana. Iwo anaseka, nati mulungu sapatsidwa tsiku ngati telala.

Ndiye Ramita anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Tsiku lija ndinkaopa kwambiri, amuna anga. Mano aja, lupanga lija. Koma nditagwira phazi lake ndinaona kuti iyeyo wandimva kamodzi, n'kundisiya ndizipita. Inu ndinagona nanu mphasa imodzi, mukudziwa chimene mukudziwa, koma mukudikira kuti ndife kuti mutsimikize. Ndikapanda kufa mudzati akuchedwa."

A Dhanmaya anati taonani mwano, ndi chizindikiro chimenecho.

"Ndikupita kwathu ku Kirtipur, amayi. Kumeneko munthu akasanza amamupatsa madzi. Mwanayu akabadwa musadzabwere kudzamuyang'ana mphuno."