Mphuno ya Achimwene ndi Ndowa Yoyera

Tayankhani kaye ndagi iyi, inu amene mumati mudapita kusukulu. Kamwana kanga kakuda bii, kadalowa pamoto osalira, koma kakangoona dzuwa kapena kumva kamphepo kamayamba kukalamba. N'chiyani? Musakande mutu, mungathothole tsitsi lotsalalo. Ndi njere ya khofi yokazinga. Ndipo kamwana kameneka kali ndi khalidwe lina loipa: kamaba fungo la chilichonse chimene kagona nacho pafupi.

Make Mapasa, yemwe ankakazinga yekha khofi n'kumagulitsa m'kashopu kake pafupi ndi pokwerera basi, ankazidziwa bwino zimenezi. N'chifukwa chake m'mawa umenewo, atatsekula kabati ya kuseri n'kupeza zitini zake zili pululu, zivindikiro zili pambali, anakuwa.

"Achimwene! Khofi wanga ali kuti?"

Tsiku lake linali lomwelo. Mayi woyang'anira khitchini ya hotela ina anali atalonjeza kubwera masana kudzalawa khofi. Akamukonda azitenga sabata iliyonse. Akapanda kumukonda, kashopuko kanali kotseka basi, poti shopu yaikulu ya magalasi imene inatsegulidwa kutsidya kwa msewu inali itamulanda makasitomala. Make Mapasa anakazinga khofiyo kumayambiriro kwa sabata kuti apume, fungo likhazikike. Anamutsekera m'zitini mumdima, n'kupita kwa alimi kukagula khofi wosakazinga. Kiyi wa kashopuko anasiyira mlongo wake wamkulu.

Mlongo wakeyo anthu ankawatchula kuti a Chimphuno. Anabwera kudzacheza sabata imodzi mapasa akukwawa, ndipo pano mapasawo anali akupita okha kusukulu. Kale adalonderapo pageti pa nyumba yosungiramo khofi, ndiye kuchokera pamenepo ankauza aliyense kuti mphuno yawo imadziwa khofi ali m'thumba losamasula. Zoona zake, fodya wam'mphuno anali atawapha mphunoyo kalekale. Mphaka akanafera pansi pa bedi lawo, iwo akanamvera kwa ntchentche.

Anatulukira akumanga mabatani a jekete, nkhope ili ngwee.

"Ukukuwiranji ngati kwagwa maliro? Undithokoze. Tizitini tako tija n'tochititsa manyazi. Mlendo wa ku hotela aone zimenezo? Ndakupezera chosungira chenicheni."

Anakoka ndowa yoyera ya pulasitiki pansi pa tebulo n'kuimenya pachivindikiro ngati ng'oma.

"Umu simulowa mphepo, simulowa dzuwa, simulowa nyerere. Ndipo yaulere!"

"Mwaitenga kuti?"

"Kwa ochapa zovala aja. Amangotaya, anthu osadziwa chuma."

Make Mapasa anagwada n'kukanula chivindikirocho. Fungo limene linatuluka linali la khofi, inde, koma pamsana pake linabereka mnzake. Sopo waufa, uja wonunkhira maluwa. Anatapa njere za pamwamba, ananunkhiza. Anapisa mkono mpaka pansi, ananunkhizanso. Anatafuna imodzi n'kulavula.

"Munaitsuka ndowayi?"

"Ndinatsukuluza. Ndowa ya sopo imafunanso sopo? Inabadwa yoyera."

"Mwathira liti?"

"Utangokwera basi."

Mayiyo anaimirira, anakhala pampando, anaimiriranso. Anayala njere zina pathireyi n'kuyamba kuzikupiza ndi katoni, kenaka anasiya, poti mphepoyo ikanachotsa fungo la khofi n'kusiya la sopo. Anayatsa moto kuti akazinge wina, koma anauzimitsa. Khofi wochoka pamoto tsiku lomwelo amakhala waukali, amamveka utsi, ndipo mlendo wodziwa ntchito sangapusitsidwe. Anasuzumira pamsewu. Anabwerera kukabati n'kugwedeza zitini chimodzichimodzi ngati mwina china chabisa kanthu.

"Khala pansi, ukundizunguza mutu," anatero a Chimphuno. "Ine mphuno yanga ikuti khofiyu ali bwino kuposa mmene unamusiyira."

"Achimwene, pakadapanda kuti tidayamwa bere limodzi, bwenzi pano mutavala ndowayi kumutu."

Pomwepo anakumbukira telala wa khomo loyandikana ndi lake. Tsiku lokazinga lija telalayo anagula khofi pang'ono, ndipo Make Mapasa anamuikira m'kachitini kotseka bwino. Anathamangira komweko nsalu ikukwekwereka.

"Atelala, khofi uja mwamaliza?"

Telalayo, bambo wowonda wokonda nkhani kuposa ulusi, anaimitsa makina. "Mwadzuka bwanji kaye, mayi? Kapena moni adakwera mtengo?"

"Ndadzuka, ndadzuka. Khofi uja!"

"Alipo wa makapu angapo. Ndimamwa mosamala ngati mankhwala."

"Mumasunga pati?"

"Mudirowa umu, motseka, monga mudandilamulira. Ine ndimamvera, sindili ngati anthu ena a majekete."

Make Mapasa anatsekula kachitiniko n'kununkhiza, maso ali otseka. Anapuma mozama koyamba tsiku limenelo.

"Ndibwerekeni. Ndidzakubwezerani chitini chodzaza."

Atamva nkhani yonse, telala anaseka mpaka tepi yoyezera nsalu inagwa kuchoka m'khosi. Anatseka shopu yake. "Diresi la mwini lidikire. Izi sindingamvere kwa anthu."

Ali m'njira Make Mapasa anaima n'kumugwira dzanja. "Koma pakamwa panupo mutseke."

"Panga ndi posavuta. Pa achimwene anu ndiye palibe zipi yokwana."

Mayiyo anakankhira ndowa ija kuseri kwa chitseko n'kuiphimba ndi thumba. Anawapempha achimwene ake kuti apite akamete tsitsi, anakana. Anawatuma shuga, anati alipo. Anawauza kuti mnzawo wina akuwafuna kumsika, anati adikire. Anakhala pampando wa pakhomo, mwendo pamwamba pa unzake, jekete atalisasa fumbi.

Mayi wa ku hotela anafika dzuwa lili pamutu. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, chikwama chili m'khwapa. Anayang'ana pansi, anayang'ana makapu, anayang'ana zikhadabo za Make Mapasa, ndipo anakhala. Make Mapasa anapera khofi wa telala uja, anathira madzi otentha, fungo linadzaza m'kashopu monse. Mlendoyo ananunkhiza, anamwa pang'ono, anasunga m'kamwa, anameza. Anamwanso.

"Mwakazinga nokha?"

"Ndekha, mayi."

"Muli naye wochuluka bwanji? Ndingafune wina mawa lomwe."

Make Mapasa asanatsekule pakamwa, mpando wa pakhomo unalira.

"Ndowa yathunthu, mayi!" anatero a Chimphuno akuimirira. "Ndipo amene mwamwayo ndi wa m'chitini, wa anthu wamba. Weniweni ndasunga ine, mwa njira ya kumakampani. Ine khofi ndagona naye, ndadzuka naye. Mphuno iyi mabwana ankachita kuitumira galimoto."

Telala anatsokomola. Make Mapasa anawaponda phazi achimwene akewo, koma iwo anangosuntha phazilo n'kukatulutsa ndowa ija.

Apa Make Mapasa anaona kuti madzi atayika. Akanatha kunama kuti ndowayo ndi ya kasitomala wina. Koma anthu a ku hotela ukawanamiza kamodzi, khomo limenelo watseka wekha.

"Mayi, ndinene zoona," anatero. "Khofi amene ali m'ndowamu wawonongeka. Ndowayi inali ya sopo. Amene mwamwayu ndachita kubwereka kwa atelalawa, ndi wa mphika womwewo. Wa mawa ndilibe."

"Wawonongeka?" a Chimphuno anakuwa. "Nsanje! Mwana uyu ndidamubereka kumbuyo ine, lero akufuna andiphunzitse khofi? Mayi, lawani nokha muweruze."

Mlendoyo anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumphuno yotchukayo.

"Chabwino," anatero. "Tipangireni makapu awiri, wina wa m'chitini, wina wa m'ndowa. Bambowa atembenuke ayang'ane kumsewu. Poti mphuno yawo inkakwera galimoto, itiuze yokha kapu yabwino."

A Chimphuno anatembenuka monyada, manja m'thumba, akuimba kamluzu. Makapu atakonzeka anawanyamula onse awiri. Ananunkhiza yoyamba mokoka ngati akufuna kuimeza ndi mphuno. Ananunkhiza yachiwiri. Anabwerera kuyoyamba. Anaponya diso kwa mlongo wawo kuti mwina nkhope imuwulula, koma iye anali atayang'ana kudenga. Anaponya diso kwa telala, telala anali akuwerenga zala zake.

"Iyi," anatero potsiriza, akukankha kapu ya khofi wa m'chitini. "Iyi ndiye yowonongeka. Ikumveka dzimbiri, ikumveka ulusi, ikumvekanso mafuta a makina osokera. Koma iyi!" Anakweza kapu ya m'ndowa. "Imvani kafungo ka kumapiri. Uyu ndiye khofi amene amamwa anthu okwera ndege."

Anagugudiza yonse, n'kunyambita milomo. Nkhope inafuna kukwinyika, koma anaigwira.

Mayi wa ku hotela anatenga kapu yopanda kanthuyo, anainunkhiza, n'kuibweza patebulo pang'onopang'ono.

"Bambo," anatero, "kafungo ka kumapiri kameneka ndikukadziwa. Ndi kamene kamamveka pamapilo athu akachoka kochapa."

Telala anagwa pabenchi. Anaseka mpaka misozi, akumenya ntchafu. Anthu odikira basi anasuzumira pakhomo, ndipo atamva nkhaniyo nawonso anayamba. Ngakhale mlendo uja anabisa pakamwa ndi chikwama, mapewa akugwedezeka.

"Ndili ndi chimfine," anatero a Chimphuno.

"Chimfine chimenecho n'chachikulu kuposa mapasa," anayankha telala. "Chikanakhala munthu bwenzi chitakwatira."

Mlendoyo anapukuta m'maso n'kutembenukira kwa Make Mapasa. "Wa mawa ndikagula kwina, sindingadikire. Koma dzanja lanu ndalimva, ndipo simunandibisire. Kazingani wina. Sabata yamawa mubweretse pang'ono tiyesere alendo, tikaona bwino tidzawonjezera. Koma kabati yosungiramo khofi muigulire loko, kiyi muzimanga m'chiuno."

Make Mapasa anamuperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera anapeza achimwene ake akuyesa kuzembera kukhomo la kuseri, ndowa ataisiya pakati pa shopu.

"Imani pomwepo. Katundu wanu mukusiyira yani?"

"Ndimati ukataye."

"Kutaya khofi wa anthu okwera ndege? Ayi, achimwene. Ndowa yonseyi ndi yanu. Kapu imodzi m'mawa uliwonse, ndizikupangirani ndekha, mpaka tione pansi pake."

A Chimphuno anayang'ana ndowayo. Inali yodzaza mpaka m'khosi.

"Musadandaule, akulu," anatero telala akutola tepi yake. "Ena timangosamba kunja kokha. Inu pofika chaka chamawa mudzakhala mutayera ndi m'matumbo momwe."

Anthu a pakhomo aja anayambiranso kuseka. Make Mapasa anayatsa moto, n'kuthira njere zatsopano mumphika.